Mayina a ana a Amish: kumene anachokera, matanthauzo ake, ndi chifukwa chake amangozungulira m'banja

M'boma la Lancaster, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, pafupifupi banja limodzi mwa mabanja 4 alionse a anthu a Amish (gulu la Akhristu osunga mwambo wakale, oyenda pa ngolo za akavalo) ndi la Stoltzfus. Mukaphatikizapo a King, a Fisher, a Beiler ndi a Lapp, ndiye kuti mwatchula anthu ochuluka zedi a m'deralo. Mayina opatsa ana pobadwa nawonso ndi owerengeka. John A. Hostetler, katswiri wa chikhalidwe cha anthu yemwe anabadwira m'banja la Amish ndipo anatulutsa buku la Amish Society mu 1963, anatchula John, Amos, Samuel, Daniel ndi David kuti ndiwo mayina a amuna ofala kwambiri kumeneko. A akazi anali Mary, Rebecca, Sarah, Katie ndi Annie. Choncho m'mbali mwa msewu umodzi wa kumafamu mukhoza kupezeka a John Stoltzfus angapo, mwinanso awiri mwa iwo akazi awo onse ali a Mary.

Sikuti makolowo amasowa mayina. Amachita kufuna kuti zikhale choncho. Kwa Achewa dzina limayankhula: Mavuto, Tadala kapena Chimwemwe limakuuzani zimene zinali mumtima mwa makolo tsiku limene mwana anabadwa. Kwa a Amish dzina silinena za tsikulo, limaloza munthu. Likhoza kuloza agogo, azakhali, amalume amene anamwalira ali mnyamata, kapena munthu wa m'Baibulo amene agogowo anatengerako dzina lawo. Tanthauzo la mawu lilipo ndithu, ndipo tiliona, koma limabwera pambuyo.

Mbiri yawo imathandiza kumvetsa zimenezi. Gwero lawo ndi gulu la Akhristu limene linayamba ku Zurich, m'dziko la Switzerland, mu 1525, pamene Conrad Grebel, Felix Manz, George Blaurock ndi anzawo anakana ubatizo wa makanda n'kuyamba kubatizana ali akuluakulu. Adani awo anawatcha kuti Anabaptist, kutanthauza obatizanso. Manz anamizidwa mumtsinje wa Limmat mu 1527, ndipo ambiri anaphedwa pambuyo pake. Mu 1693 gululi linagawikana pa nkhani ya mwambo wa mumpingo, makamaka za kusala munthu wochotsedwa, ndipo amene anatsatira Jakob Ammann ndiwo anadzatchedwa Amish. Anayamba kuwolokera ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1700. Sitima yotchedwa Charming Nancy inafika ku Philadelphia mu 1737 itanyamula ena mwa mabanja oyamba. Gulu lachiwiri linabwera m'zaka za m'ma 1800 n'kukakhazikika ku Ohio, Indiana, Illinois, Iowa ndi Ontario. Ku Ulaya kunalibenso mpingo wa Amish pambuyo pa 1937. Cha m'ma 1900 analipo pafupifupi 5,000 okha, koma pofika 2024 anali atakwana pafupifupi 400,000, ndipo chiwerengerochi chimawirikiza pa zaka pafupifupi 20 zilizonse, chifukwa banja limakhala ndi ana 6 kapena 7, ena kuposerapo.

Anthu onsewa anachokera m'mabanja ochepa, amakwatirana mumpingo mwawo mokha, ndipo akunja olowa mpingowu ndi ochepa kwambiri. A Stoltzfus onse a Amish ndi zidzukulu za munthu mmodzi, Nicholas Stoltzfus, amene anafika mu 1766.

Poti sabatiza makanda, mwana salandira dzina pa ubatizo. Palibe mwambo wa kutchalitchi wotchula dzina, palibenso makolo a ubatizo. Ubatizo umadza munthu atakula, nthawi zambiri pakati pa zaka 16 ndi 20 kapena kupitirira pang'ono, ndipo dzina silisintha. Osankha dzina ndi bambo ndi mayi, osati bishopu. Nkhani ya kubadwa kwa mwana imafalikira kudzera m'makalata amene alembi a m'midzi amatumiza ku nyuzipepala zawo, monga The Budget, imene imasindikizidwa ku Sugarcreek, Ohio, kuyambira 1890, kapena Die Botschaft. Mlembi akatchula mwana ndi makolo ake, kawirikawiri amatchulanso agogo a mbali zonse ziwiri. Popanda agogowo owerenga sangadziwe kuti ndi banja liti.

Nanga n'chifukwa chiyani mayi sangosankha dzina lachilendo lomukomera m'khutu? Chiphunzitso chawo chimalimbana kwambiri ndi Hochmut, kudzikuza, ndipo chimatamanda Demut, kudzichepetsa. Zovala zofanana, ngolo za akavalo zofanana, kukana kujambulidwa nkhope, zonsezi zimachokera pamenepo. Dzina loti aliyense akalimva atembenuke lili ngati chipewa chosiyana ndi cha anzako. Palibe angakuitanire kubwalo la mpingo chifukwa cha dzina la mwana, koma anthu amaona, ndipo m'mudzi waung'ono kuonedwa kokhako n'kokwanira.

Mayina ambiri ndi a m'Baibulo, ndipo Chipangano Chakale chili ndi gawo lalikulu. Amos, mneneri Amosi woweta nkhosa wa ku Tekowa, ndi dzina la Chiheberi logwirizana ndi kusenza katundu. Levi limachokera pa mawu a Leya pa Genesis 29:34, oti tsopano mwamuna wake adziphatika kwa iye, choncho limanena za kuphatikana. Reuben ndi "taonani, mwana wamwamuna". Isaac, amene kunyumba amangoti Ike, ndi kuseka, chifukwa Abrahamu ndi Sara anaseka atamva kuti adzabereka ali okalamba. Samuel amalimasulira kuti "Mulungu wamva" kapena "dzina la Mulungu", ndipo Hana anafotokoza kuti anam'pempha kwa Yehova. Daniel ndi "Mulungu ndiye woweruza wanga", David ndi wokondedwa, Noah ndi mpumulo, Ezra ndi thandizo, Ephraim ndi kubala zipatso, Abner ndi "atate ndiwo nyali", Enos ndi munthu chabe. Moses, amene amamufupikitsa kuti Mose, Eksodo 2:10 amaligwirizanitsa ndi kuvuulidwa m'madzi. Jonas ndi Yona yemwe uja, nkhunda, koma m'kalembedwe kodzera m'Chigiriki. Dzinali linalowa m'mabuku a malamulo a America kudzera mwa Jonas Yoder, mmodzi mwa makolo atatu a mlandu wa Wisconsin v. Yoder, umene khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 1972 kuti ana a Amish asakakamizidwe kupitiriza sukulu akamaliza giredi 8.

John, Yohane wathu, ndi "Yehova wachita chisomo". Makolo awo ku Switzerland ankati Hans kapena Johannes. Emanuel ndi "Mulungu ali nafe". Stephen ndi la Chigiriki, nkhata ya ulemu ya kumutu.

Kwa atsikana, Sarah ndi mfumukazi kapena mwana wamkazi wa mfumu, ndipo Sadie, lofala kwambiri ku Lancaster, linaphuka pa Sarah yemweyo. Anna, Annie ndi Nancy onse ndi Hana, chisomo. Rachel ndi nkhosa yaikazi. Naomi ndi kukoma kapena kukondweretsa. Elizabeth, amene amasanduka Lizzie kapena Betty, ndi "Mulungu ndiye lumbiro langa". Martha ndi la Chiaramu, mayi mwini nyumba. Lydia limangotanthauza mkazi wa ku dera la Lidiya, ndipo ndi uja wogulitsa nsalu zofiirira wa pa Machitidwe 16. Susanna kapena Susie ndi duwa la kakombo. Mary ndi Miriam ndi dzina limodzi, lina lodzera m'Chigiriki ndi Chilatini, lina la Chiheberi, moti banja likhoza kukhala ndi ana awiri a dzina lofanana popanda wodandaula.

Umboni woti tanthauzo silitsogola uli m'mayina amene munthu woyang'ana tanthauzo akanawathawa. Mahlon, Maloni wa m'buku la Rute, anafa ali wachinyamata wosasiya mwana, ndipo dzina lake anthu amaligwirizanitsa ndi kudwala. Komabe a Mahlon ndi ambiri pakati pa a Amish. Leah amaligwirizanitsa ndi kutopa, ndipo m'nkhani yake ndi mkazi amene mwamuna sankamukonda. Jacob ndi wogwira chidendene, wolanda malo a mnzake. Eli, limene limanena za kukwera kapena kukwezeka, ndi la wansembe amene analephera kulanga ana ake, koma ku Ohio ndi limodzi mwa mayina okondedwa kwambiri. Elam, lomveka kawirikawiri ku Lancaster, m'Baibulo ndi dzina la pamndandanda wa ana a Semu pa Genesis 10:22, lopanda nkhani yoti mlaliki n'kuimirira nayo. Bambo wopatsa mwana dzina la Elam sakuganiza za Semu. Akuganiza za bambo ake kapena mchimwene wake.

Pali kagulu kena ka mayina kamene kamadabwitsa Akhristu a mipingo yosawerenga mabuku a Apokirifa. Mabaibulo akale a Chijeremani amene a Amish amasunga ali ndi mabukuwa, ndipo pa ukwati wawo mlaliki amafotokoza nkhani ya m'buku la Tobiti, ya mnyamata Tobiyasi amene anayenda ulendo wautali n'kukakwatira Sara. Munthu aliyense wa Amish amamva nkhaniyi kambirimbiri pa moyo wake. N'zosadabwitsa kuti Tobias, kapena Tobe, kutanthauza "Yehova ndi wabwino", ndi dzina lamoyo pakati pawo. Edna, dzina la apongozi ake a Tobiyasi m'nkhaniyo, limapezekanso.

Mayina osangalatsa kwambiri kuwatsata, mwa kuona kwanga, ndi amene anawoloka nyanja kuchokera kumidzi ya m'mapiri a Bern ku Switzerland, ambiri mwa iwo osakhala a m'Baibulo. Alimi a kumeneko m'zaka za m'ma 1600 anali a Hans, Christian, Peter, Ulrich, Niklaus, Jost, ndipo akazi anali a Barbara, Anna, Verena, Magdalena, Katharina ndi Elsbeth. Ambiri mwa mayinawa ndi a oyera mtima a mpingo wa Katolika, otsala kuchokera nthawi imene dziko lonselo linali la Katolika. Anthu amene anakana kupemphera kudzera mwa oyera anasunga mayina a oyerawo, ndipo akuwasungabe.

Fannie ndi chitsanzo chabwino. Munthu wolankhula Chingerezi angaganize kuti likuchokera pa Frances. Pakati pa a Amish njira yake ndi ina. Verena, woyera wolemekezedwa ku Zurzach m'dziko la Switzerland, ankafupikitsidwa kuti Vreni kapena Freni. Atafika ku America, m'zikalata dzinali linkalembedwa kuti Veronica, Fronica kapena Franey, ndipo pamapeto pake linakhazikika kuti Fanny kapena Fannie. Ofufuza mibadwo amapeza mayi mmodzi yemweyo atalembedwa mosiyanasiyana pa chikalata cha malo, m'Baibulo la banja ndi pamwala wa pamanda. Mattie nthawi zambiri ndi Magdalena, mkazi wa ku Magadala, ndipo Lena ndi mchira wa dzina lomwelo. Katie ndi Katharina, limene kuyambira kale analigwirizanitsa ndi mawu a Chigiriki onena za kuyera. Barbara limatanthauza mlendo, munthu wa chinenero china, tanthauzo loyenera anthu amene anathamangitsidwa dziko ndi dziko ngakhale kuti sanalisankhire zimenezo.

Kwa amuna, Yost ndi Jost, kuchokera kwa Jodocus kapena Judoc, woyera wa ku Brittany, dera la ku France, wa m'zaka za m'ma 600. Felty ndi Valentine, la Chilatini, lonena za mphamvu ndi thanzi. Rudy ndi Rudolf. Menno amatengera Menno Simons, wansembe wa ku Netherlands amene analowa gulu la obatizanso mu 1536, yemwenso a Mennonite amatchedwa ndi dzina lake. Ndiye pali Christian, limene amalidula kuti Christ kapena Crist, n'kumalitchula kuti "Krist". Mlendo woyenda ku Lancaster akhoza kuima kukamwa kuli yasa ataona pabokosi la makalata palembedwa Christ King, ngati kuti "Khristu Mfumu". Ndi mlimi chabe wotchedwa Christian, wa banja la King. Benuel, lina la ku Lancaster, limamveka ngati la m'Baibulo koma mukalifufuzamo simulipeza.

Ngakhale mayina a mabanja ali ndi nkhani yofanana. Yoder ndi Joder, chidule cha Theodor, bishopu wa m'zaka za m'ma 300 wa ku Valais, ku Switzerland, amene anthu a kumapiriko ankamutcha Sankt Joder. King anali König, mfumu. Miller anali Müller, mwini chigayo. Fisher anali Fischer, msodzi. Zook anali Zaugg. Stoltzfus m'Chijeremani ndi "phazi lonyada", dzina loseketsa ndithu kwa anthu amene tchimo limene amaliopa kwambiri ndi kunyada. Mayinawa amakuuzaninso kumene munthu akuchokera. Miller, Yoder, Troyer, Raber ndi Hershberger ndi a boma la Holmes ku Ohio. Bontrager ndi Lambright amamveka kumpoto kwa Indiana. Peachey ndi Kanagy ndi a ku Big Valley, m'boma la Mifflin ku Pennsylvania. Schwartz, Hilty, Eicher, Wickey ndi Graber ndi a mabanja amene anabwera m'ma 1800 n'kukhala m'maboma a Adams ndi Allen ku Indiana, amene kalankhulidwe kawo n'kosiyana ndi Pennsylvania Dutch, mtundu wa Chijeremani umene anzawo amalankhula.

Mayina akachepa chonchi, pamafunika njira yosiyanitsira anthu, ndipo apa mpamene luso lawo limaonekera.

Njira yoyamba ndi chilembo cha pakati. Mwa mwambo, ambiri alibe dzina lachiwiri, ali ndi chilembo chokha. Ku Lancaster chimakhala chilembo choyamba cha dzina la banja la kwawo kwa mayi. Tiyerekeze kuti mayi anali wa kwa King asanakwatiwe ndi a Stoltzfus: ana onse, anyamata ndi atsikana, adzakhala ndi K pakati. M'madera ambiri a ku Ohio ndi Indiana chilembocho chimachokera pa dzina loyamba la bambo, moti ana onse a Eli Miller adzakhala ndi E. Chilembo chimodzi chikalephera kusiyanitsa, ena amawonjezera chachiwiri. Zimenezi zimathandiza ku banki, ku positi ndi pa cheke cha mkaka, koma pocheza palibe amene amatchula zilembo.

Pocheza amalumikiza mibadwo. Munthu akhoza kutchedwa Sam's Eli's John, ndiye kuti John mwana wa Eli, mdzukulu wa Sam. Mkazi wokwatiwa amamutchula poyamba ndi dzina la mwamuna wake: Eli Katie ndi Katie mkazi wa Eli, pamene Eli's Katie ndi Katie mwana wa Eli. Kachilembo kamodzi kokha ndiko kakusiyanitsa mayi ndi mwana wake, ndipo iwo sasokoneza.

Ndiye pali mayina ongopatsana, ochokera pa msinkhu, tsitsi, ntchito, malo, kapena chinthu chimene munthu anachita tsiku limodzi anthu osachiiwala. Hostetler anasimba za bambo wina wa ku Holmes wotchedwa Gravy Dan, amene pa chakudya cha anthu opuntha tirigu anathira msuzi wa nyama mu khofi m'malo mwa kirimu, dzina n'kumukakamira. Jonas Stutzman, amene anafika m'dera la Holmes mu 1809 monga woyamba mwa a Amish kumeneko, amakumbukiridwa kuti Der Weiss, kutanthauza wa zoyera, chifukwa atakalamba ankavala zoyera zokhazokha, ndipo anapanga mpando waukulu woti Yesu adzakhalepo akadzabweranso. John Stoltzfus wina wa m'ma 1800 mpaka lero amatchedwa Tennessee John chifukwa anasamukira ku Tennessee ali wokalamba. Mayina oterewa amatsikira kwa ana ndi zidzukulu, moti munthu akhoza kudziwika ndi nthabwala imene inachitikira agogo ake iye asanabadwe. Zimene makolo anapewa posankha dzina losaonekera, mudzi umadzabwezera wokha, ndipo nthawi zina mopanda chisoni.

Kusunga mibadwo kotereku kwapangitsa a Amish kukhala m'gulu la anthu olembedwa bwino kwambiri. Buku la zidzukulu za Jacob Hochstetler, amene banja lake linaukiridwa ku Northkill, m'chigawo cha Pennsylvania, mu 1757, linatuluka mu 1912, ndipo madera akuluakulu ali ndi mabuku otchula banja lililonse, masiku obadwa a ana ndi mapu a mafamu. Dokotala Victor McKusick atayamba kufufuza matenda otengera kumtundu pakati pawo m'ma 1960, zolembedwa zotere zinamuthandiza kutsata matenda a Ellis-van Creveld ku Lancaster mpaka kufika pa banja limodzi, la Samuel King ndi mkazi wake, amene anafika m'zaka za m'ma 1700.

Tisaganize kuti mayinawa anaima chiimire kuyambira nthawi ya Jakob Ammann. Amasintha, kungoti amatsalira m'mbuyo mwa dziko. Elmer, Melvin, Alvin, Harvey, Emma, Ida, Clara ndi Ella si a m'Baibulo ndipo si a ku Bern. Anali mayina otchuka pakati pa anthu wamba a ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900. A Amish anawatola kwa anansi awo, amene iwo amawatcha "English" posatengera kumene makolo awo anachokera. Anansiwo atawataya, a Amish anawasunga, chifukwa pofika nthawiyo panali kale agogo a Elmer oti mwana awatengere dzina. Leroy, la Chifalansa lotanthauza mfumu, Ivan, amene ndi John wa ku Russia, ndi Amanda, la Chilatini lotanthauza woyenera kukondedwa, analowa mwa njira yomweyo. Kenako gudumu linazungulira: Noah linali dzina lotchuka kwambiri la ana aamuna ku United States kuyambira 2013 mpaka 2016, ndipo Emma linatsogola kwa atsikana kuyambira 2014 mpaka 2018. Makolo a m'mizinda anathamangira mayina amene kumafamu a Amish sanachokeko.

Masiku ano kusintha kukufulumira, koma osati paliponse. Amuna ambiri salimanso. Kumpoto kwa Indiana ochuluka amagwira ntchito m'mafakitale opanga makalavani, ndipo kwina ali ndi mashopu a mipando kapena magulu omanga nyumba. Amakhala tsiku lonse ndi anthu akunja, ndipo mayina monga Wayne, Marlin, Lavern, Devon, Loretta ndi Jolene amamveka m'masukulu awo. Magulu okhwimitsa mwambo ndiwo akugwiritsitsa akale. A Swartzentruber, amene anapatuka ku Ohio cha m'ma 1910, amazungulirabe pa Eli, Levi, Mose, Jacob, Lizzie, Fannie, Mattie ndi Lovina. Chimodzimodzinso a Nebraska Amish a ku Big Valley, a ngolo za denga loyera, amene anayamba mu 1881 ndipo anatchedwa choncho chifukwa bishopu amene anawathandiza kukhazikitsa mpingo, Yost H. Yoder, anachokera ku Nebraska. Munthu wa Amish akangomva mayina a ana a m'banja lina, amatha kuyerekeza ngati kwawoko amalola firiji ya gasi kapena ayi.

Mabanja ambiri a pakatikati apeza njira yosakhumudwitsa mbali iliyonse, ndiyo mayina awiri otchulidwa pamodzi: Mary Ann, Ruth Ann, Lydia Ann, Anna Mae, Sadie Mae, John David, John Mark, Eli Ray. Loyamba limakhala la agogo kapena azakhali, lachiwiri n'kukhala lokomera makolo, ndipo kunyumba amamuitana onse awiri ngati dzina limodzi. M'mabanja otere dzina lachiwirilo limatenga malo a chilembo cha pakati chija, moti kuti mudziwe kwawo kwa mayi a mwanayo muyenera kufunsa.